Nsalu Yoyera ndi Mphete Ziwiri za ku Delhi

Misozi ndi Taonga, ana anga, gawo ili ndakhala ndikulizemba chiyambire kulemba mbiri yangayi. Za mijigo, za kolera ndi za mabwana amene ndinagwira nawo ntchito zimatuluka zokha, koma ndikafika pa ulendo wa ku India dzanja limalemera. Nkhaniyi munaimva kwa amalume anu mukadali ana, ndipo sindikuwanena, poti aliyense amasimba zimene anaona. Tsopano ndapuma ntchito, maso ayamba kuchita nkhungu, choncho imvaniko mbali yanga ndisanayambe kuiwala.

1990, ku Chikwa

Ntchito yanga yoyamba boma linanditumiza ku Chikwa, m'dera la Chama, m'chigwa cha Luangwa, ngati wothandiza zaumoyo. Dzina la ntchitoyo linkalemekezeka papepala pokha. Kumudzi ankanditcha a Mwale a zimbudzi, chifukwa ndinkayenda khomo ndi khomo kufunsa anthu aimvi kumene amadzithandizira. Ndinafika pamwamba pa lole pamodzi ndi amayi anu, Esinati, iwe Misozi uli kumsana. Ine ndine wa ku Chadiza, iwo anali a ku Katete, ndipo Chisenga cha eni dera tinkachimva theka, theka linalo tinkangoseka nawo. Kusowa kwa zinthu kunali ngati nyengo, sitinkakudandaula n'komwe. Mankhwala othira m'zitsime ankabwera kolera itadutsa kale. Simenti inkafika itauma m'matumba. Njinga yanga yakapalasa inayenda nthawi yaitali matayala nditaphatikamo udzu m'malo mwa chubu. Mvula ikayamba msewu wa ku boma unkatsekeka, malipiro n'kutsekeka nawo, ndipo tinkadya zimene Esinati analima kuseri kwa nyumba, zimene njovu zatisiyirako.

Bwana wanga anali a Mulenga, munthu wa kuchigawo cha Migodi, amene ankaona kuti kuwatumiza ku Chama chinali chilango. Sanali munthu woipa. Vuto lawo linali limodzi, ankakhulupirira kuti chinthu chikalembedwa mu lipoti ndiye kuti chachitika. Ndiwo anatibweretsera zithunzi zophunzitsira za Edzi, imene anthu ankaitcha kaliwondewonde, n'kutiuza kuti tizikalalikira m'midzi. Ine gawo limene ndinkalimbikira linali la malezala. Lezala limodzi linkameta mudzi wonse, kudula mchombo wa khanda, kenako n'kukatema mphini kwa sing'anga, osatsukidwa n'komwe. Ndinkasonkhanitsa azamba ndi asing'anga pansi pa mtengo n'kuwauza kuti magazi a munthu asamalowe mwa mnzake. Ankamvetsera mwaulemu, pomaliza n'kundifunsa kuti malezala atsopanowo awatenge kuti. Malezalawo ndinalibe, koma ndinkabwerezabe ulaliki womwewo mudzi ndi mudzi.

Amayi anu anali a Chigwirizano cha amayi ku mpingo, osaphonya tsiku la msonkhano. Bulauzi yawo yoyera inasanduka yachikasu ndi madzi a m'zitsime za kuchigwa, koma ankaichapa ndi kuisita ngati idzabwerera mwakale. Chinthu chimene ankakonda kundiseka nacho chinali cha mphete. Pa ukwati wathu mphete tinachita kubwereka kwa aphunzitsi ena, dzuwa lisanalowe tinali titabweza. Ndikawakwiyitsa pang'ono ankati, "Atate a Misozi, muziyenda bwino, ukwati wathu ndi wobwereka, eni ake akhoza kudzautenga." Ndinkaseka, koma mumtima zinkandibaya.

1992 mpaka 1994, ku Chama boma

Chilala cha 1992 ndicho chinandisandutsa munthu wa mijigo. Zitsime zinauma, mijigo yochepa imene inalipo inkathyoka ndi kupopedwa tsiku lonse, ndipo wokonza ankachokera kutali, akabwera n'komwe. Ndinabwereka masipanala n'kuyamba kumasula ndekha, kwina kuwononga, kwina kukonza. Iwe Taonga unabadwa chaka chimenecho, ndipo dzina lako anakupatsa ndi amayi achisenga amene anathandiza Esinati pobereka. Chaka chotsatira a Mulenga anandisamutsira ku boma kuti ndiziyang'anira mijigo ya ku Tembwe, Chikwa ndi Chifunda.

Mijigo yathu yambiri inkapangidwa ku India, ndipo mu 1994 kunabwera mwayi woti munthu mmodzi apite kumeneko kukaphunzira kakonzedwe kake. A Mulenga anandiitana mu ofesi.

"Ba Mwale, manje yakugwerani. Muyenda ku India, miyezi itatu."

Ndinawauza kuti akazi anga sanali bwino, chifuwa chinali chitawagwira kuyambira nyengo yozizira.

"Chifuwa chabe? Ngati simufuna, kambani manje nipatse wina. Ku Lundazi ofuna ni ambiri."

Ndinapempha kuti ndikafunse kunyumba. Esinati sanandilole n'kumaliza komwe kufotokoza. "Pitani, atate a Misozi. Mukakana mudzakalamba mukusuzumira m'zimbudzi za eni. Chifuwa ichi n'cha fumbi, mvula ikagwa chitha." Ndinawakhulupirira chifukwa ndinkafuna kuwakhulupirira, ndipo ndege ndinali ndisanakwerepo.

Mbiri itamveka, Chama yense anasanduka abale anga. Uyu ndigulireni wotchi, uyu nsalu, a Mulenga mpango waubweya wa akazi awo. Dalaivala wa ku ofesi, a Goma, munthu wa ku Tembwe, anadikira mpaka titatsala awiri m'galimoto popita kukakwera basi.

"A Mwale, manje mukafika kuja munigulileko mphete ija ya mwayi. Muiziwa imwe. Ine nalema na umphawi."

Kunali chikhulupiriro, ndipo chikadalipo, choti ku India kumachokera mphete zokhwimira, zopatsa munthu chuma ndi maudindo, koma malipiro ake amakhala moyo wa munthu wa m'nyumba mwako. Ndinaseka n'kuwauza kuti zikanakhala zoona amwenye onse akanakhala mabwana. A Goma sanaseke nawo, anangoyang'ana msewu.

Novembala 1994, ku Delhi

Za maphunziro sindinena zambiri. Tinkamasula mijigo ndi kuimanganso, zinthu zimene theka lake ndinali nditaziphunzira kale ndi zala zanga ku Chikwa. Zimene zinasintha moyo wathu zinachitika Loweruka lina chakumapeto, pomwe ndinakwera basi ndi anzanga a m'maiko ena kupita ku msika wa ku Delhi yakale. Ndinali nditaonapo misika ya ku Lusaka n'kumadziyesa woyenda, koma uwu unali mzinda wathunthu wa tinjira tothina, kanjira kalikonse ndi malonda ake. Kena nsalu zokhazokha, kena mikanda ndi timaluwa tosokerera pa zovala za akwati, kena ziwiya zamkuwa, kena osula siliva. Pamwamba mawaya amagetsi opiringizana, pansi njinga zamatayala atatu zonyamula anthu, mabelu osalekeza, ndi ng'ombe yogona pakati pa njira aliyense akuilambalala. Fungo la lubani, la tsabola ndi la ngalande linkafika pamodzi. Anzanga ndinasiyana nawo m'chipiringu pasanapite nthawi, ndipo sindinawafunefune.

Woyamba kundikoka malaya anali wogulitsa zosema. Anandiika m'manja njovu ya mtengo wonunkhira, yosemedwa mwaluso moti m'mimba mwake munali kanjovu kena kooneka pa timabowo. Ndinamuuza kuti kwathu njovu sitigula, zimabwera zokha kudzadya chimanga, ndipo sanamvetse chimene ndinkaseka. Ndinagula mpango wa akazi a a Mulenga, tizidole tansalu ta inu awiri, ndi nsapato zachikopa za a Goma kuti ndiwapepese nazo pa mphete yawo ija. Kwa wogulitsa zibangili zagalasi ndinaima nthawi yaitali. Zinali zitapachikidwa kuyambira pansi mpaka kudenga, zofiira, zobiriwira, zina zonyezimira, ndipo amayi a kumeneko ankangopereka dzanja, iye n'kulifinya mpaka chibangili chilowe. Anandifunsa kukula kwa dzanja la mkazi wanga. Ndinapinda zala zanga monga ndinkachitira ndikawagwira amayi anu pamkono, n'kusiya kampata pakati, chifukwa Esinati amene ndinali naye m'mutu anali munthu wodzaza thupi.

M'sitolo ya nsalu salowa ndi nsapato. Umavula pakhomo, n'kukhala pa matiresi oyala pansi, mwini sitolo atapinda miyendo patsogolo pako. Ndisananene n'komwe chimene ndinkafuna, tiyi wa mkaka wothira jinja anali atafika m'kachikho kadothi. Kenako bamboyo anayamba kutambasula nsalu. Ankaigwira kumapeto n'kuiponya m'mwamba kuti igwe pamiyendo panga, ina pamwamba pa inzake, zofiira ngati magazi, zachikasu, zodinda pamanja ndi zidindo zamtengo, zina zosokerera timagalasi. Mulu unandifika m'chiuno. Pansi pa shelefu ndinaona nsalu yoyera, yopepuka, ndipo atandipatsa ndinapeza kuti inali ndi maluwa opeta ndi ulusi woyeranso, osaoneka patali mpaka uyandikire. Anandiuza kuti amapeta ndi amayi a mumzinda wina, pamanja, ndipo nsalu imodzi imawatengera nthawi yaitali. Pomwepo ndinaona Esinati ataima kutsogolo kwa amayi a Chigwirizano, atavala bulauzi yoti Chama yense sanaionepo.

"Ya akazi anu?" anafunsa mwini sitolo, akugwedeza mutu monga amachitira iwo. "Iyi ayi, bwana. Mkazi amene mwamuna wake ali moyo mugulireni yofiira kapena yobiriwira. Yoyera kuno amavala akazi amasiye."

Ndinamuuza kuti kwathu yoyera amavala amayi opemphera. Ndinaseka mwambo wake, osaganizako za mwambo wathu, woti nsalu yoyera yosadula ikapezeka m'nyumba ili ndi ntchito imodzi yokha. Akuluakulu sananame, tsoka silinunkha. Anzanga anali atandilangiza kuti pokambirana mtengo uyenera kudzuka ngati ukuchoka kuti wogulitsa akuitane, koma ine zinandikanika. Munthu wakumwetsa tiyi, wakuyalira nsalu mpaka thukuta, ungamufulatire bwanji? Ndikudziwa anandidyera masuku pamutu, ndipo sindinadandaule.

Kanjira ka osula siliva ndinakapeza dzuwa litapendeka. Timasitolo take tinali tating'ono ngati nkhokwe, mwa kamodzi muli nkhalamba yamagalasi ikuuzira moto ndi kampope kapakamwa. Ndinasankha mphete ziwiri zofanana, iliyonse ndi kamwala kofiira. Ya Esinati ndinayezera pa chala changa chaching'ono. Nkhalambayo inaziika pa kasikelo, inazipukuta ndi phulusa mpaka kuwala, n'kundipatsa ndi manja awiri. Yanga ndinavala pomwepo, inayo ndinaikulunga m'nsalu yoyera ija. Pa basi pobwerera ndinkangoyang'ana chala changa, ndikukonza mawu oti ndikawauze amayi anu kuti ukwati uja tsopano ndi wathuwathu. Ndikunena zoona, chimenecho chinali chimwemwe changa chomaliza chopanda chilema.

Disembala 1994

Ndinafika ku Chama mvula itayamba, ndipo chifuwa chija chinali chisanathe. Munthu amene anatuluka kudzandilandira katundu ndinamuzindikira ndi mawu. Makutu anali atatuluka, tsitsi litafewa, ndipo pakhosi panali zipsera za mashingozi. Ndinamwetulira chifukwa inu munali pomwepo mukundikoka thalauza. Zibangili zija zinatsetsereka mpaka m'chigongono. Mphete inalowa, koma atatsitsa dzanja inagwa n'kugubuduzika kupita pansi pa mpando. Esinati anaseka mpaka kutsokomola, anatenga ulusi wakuda, n'kuipachika m'khosi mkati mwa diresi. Nsalu anaisisita nthawi yaitali, akuyang'ana maluwa ake pawindo.

"Iyi ndidzasoketsa ndikanenepa," anatero. "Pano telala angayeze mafupa, n'kundiwonongera nsalu." Anaipinda bwinobwino n'kuiika pansi pa sutukesi.

Ine ndinali munthu wophunzitsa ena zizindikiro za matenda aja, ndipo zonse zinali pamaso panga. Ku Chama nthawi imeneyo kunalibe koyezetsa magazi. Kuchipatala anawapatsa mankhwala a chifuwa chachikulu, ndipo mnzanga amene ankawaona anandiperekeza panja n'kunena kuti zinazo ndikuzidziwa ndekha. Sindinauze munthu, ngakhale Esinati yemwe, ndipo iwonso sanandifunse. Ndinkadziyang'ana pagalasi pometa ndevu n'kumadikira kuti za ine ziyamba liti.

A Goma analandira nsapato zawo, koma maso anali pa chala changa. "Kansi mwagula yanu yeka," anatero, n'kuseka pang'ono. Ndinawafotokozera kuti inali mphete yaukwati, ndipo anavomera ndi mutu monga amavomerera munthu akakunamiza mwaulemu.

1995, maliro

M'mwezi wa Malichi anandikweza paudindo chifukwa cha maphunziro aja, n'kundipatsa njinga yamoto. Mu Juni amayi anu anamwalira. Kunyamula maliro mpaka ku Katete kunali kosatheka, choncho achibale awo ndiwo anabwera, motsogozedwa ndi amalume anu a Gidiyoni, mwini mbumba. Amayi osambitsa mtembo anapeza mphete ya kamwala kofiira pa ulusi wakuda m'khosi mwa malemu, yofanana ndi ya pachala panga. Atatsekula sutukesi kufuna zovala, anapeza nsalu yoyera yosadula, yopindidwa bwino, ikudikira. Ndinamva kulira m'nyumba kukusintha, ndipo ndinadziwa kuti china chachitika. Pofika masana nkhani inali italumikizidwa kale. Munthu wapita ku India, wabwera ndi mphete ndi nsanda mkazi akadali moyo, wakwezedwa, njinga yamoto ili pakhomo, mkazi wafa. Ndikanakhala ine wa kunja, mwina ndikanalumikizanso choncho. Nsalu ija sanawafunditse, a Gidiyoni anaisunga ngati umboni n'kukagula nsanda ina kusitolo.

Musawaone a Gidiyoni ngati munthu wankhanza. Mlongo wawo anamulera okha makolo atamwalira, ndipo pamanda analira osabisa nkhope. Titaika maliro, anandiitana kuseri kwa nyumba pamodzi ndi achibale ochepa. Anali atabweretsa sing'anga wa ku Chifunda, munthu amene ndinkamudziwa, poti anakhalapo pa maphunziro anga a malezala aja. Mwa mwambo wathu ana ndi a kuchikazi, ndipo a Gidiyoni anali ndi mphamvu yokutengani tsiku lomwelo.

"Alamu, ine sindinabwere kudzakangana," anatero. "Mlongo wanga wapita. Ana ndikanakonda akhale ndi inu, sukulu ili pafupi kuno, ndipo ndinu bambo wawo. Koma chimene mwabwera nachocho chikamaliza mayi chimatsata ana. Muchite zimene anene asing'angawa, tikusudzuleni, ana tiwasiye. Mukakana, ndinyamuka nawo."

Sing'angayo anati nsalu itenthedwe ndipo mphete zikaponyedwe mumtsinje. Ndinavula yanga n'kupereka osatsutsa, ngakhale mtima unkawawa. Nsalu inapsa msanga, inali yopepuka. Kenako anati anditeme mphini pachifuwa n'kupaka mankhwala, ndipo lezala lomwelo, lisanaume, litemenso ana pamikono, kuti magazi a bambo akalowa mwa iwo chinthucho chiwazindikire kuti ndi thupi limodzi ndi mwini wake, chisawadye. Ndinalowa m'nyumba n'kutenga malezala atsopano, ndinati aliyense atemedwe ndi lake.

"A Mwale, ivo va ku ofesi tiviziwa," anatero sing'angayo mofatsa. "Manje apa mankhwala ni magazi yanu. Lezala likasintha palibe chachitika."

Ndinavula malaya. Ndinkaganiza kuti akaona ndagonja, ndalola kutemedwa ine munthu wa zaumoyo ndiponso mkulu wa mpingo, mwina akhutira n'kusiyira pomwepo. Ananditema, magazi anatsika mpaka pa lamba, ndipo sindinamve kuwawa. Kenako anaitana ana. Iwe Misozi unaima pakona ya nyumba. Iwe Taonga anakubweretsa atakunyamula azakhali ako, ukuyamwa chala, ndipo sing'anga anakugwira kamkono n'kukatembenuza, lezala lili lofiira m'dzanja linalo. Ndinali ndi njira ziwiri. Kukhala chete, ana n'kukhala anga, kapena kunena chinthu chimene masiku amenewo palibe ankachitchula pa maliro. Ndinakulanda m'manja mwa azakhali ako.

"Alamu," ndinatero, "mlongo wanu sanafe ndi mphete. Zizindikiro zonse ndinaziona, ndi Edzi. Ine ndi iye tinali thupi limodzi. Magazi ali palezalapo musawaike mwa ana."

Azakhali anu anaphimba nkhope ndi chitenje. A Gidiyoni polankhula sanakweze mawu.

"Ndiye mwavomera nokha, alamu. Kaya ndi mphete, kaya ndi matendawo, zachokera kwa inu. Ndipo ana sindingawasiye ndi munthu amene mawa tibwera kudzamuika."

Inenso ndinkakhulupirira kuti ndatsala pang'ono. Munanyamuka m'mawa mwake pa galimoto ya ku ofesi, a Goma akuyendetsa. Iwe Taonga unkaganiza kuti ndi ulendo wokacheza ndipo unkandibayibitsa. Iwe Misozi unali wamkulu mokwanira kumva zimene zinanenedwa, ndipo sunandiyang'ane.

1995 mpaka 1999

Zaka zotsatira ndinakhala ndekha m'nyumba ija, ndikudikira imfa. Ku Chama ndinali ndi maina awiri, wokhwima kwa ena, wa kaliwondewonde kwa ena, ndipo ambiri ankakhulupirira zonse ziwiri. Ndikamaliza kukonza mjigo, amayi ankapopa madzi oyamba n'kutaya kwa nthawi yaitali kuposa mmene ndinawaphunzitsira. A Mulenga anandiitana n'kunena kuti ndinalakwitsa kutchula matendawo pagulu, zinkaipitsa dzina la ofesi, ndipo anafuna kundisamutsa. Ndinakana, chifukwa manda a amayi anu anali pomwepo. Ku Katete ndinkapita ndikapeza mpata, nditanyamula mpunga wa ku Chama ndi mayunifomu anu. Ankandiyalira mphasa panja, chikho changa chinali chapadera, ndipo inu munkabwera kudzandipatsa moni mutagwada patali ngati kwa mlendo. Zimenezo zinkandiwawa kuposa mphini.

Koma thupi silinkatsika. Chimfine chikandigwira ndinkati yafika, pakapita masiku n'kuchira. Mu 1999 ndinapita ku Chipata ku msonkhano wa ntchito, ndipo ndinamva kuti pachipatala china ayamba kuyeza magazi aliyense wofuna. Ndinapita. Mtsikana amene anandiuza zotsatira anati ndilibe kachilombo. Ndinati walakwitsa, ndinabwereranso patapita miyezi, ndipo yankho linali lomwelo. Anandifotokozera kuti zimachitika, m'banja wina kukhala nako wina ayi, komanso mwina malemuwo chinali chifuwa chachikulu chokha, poti sanayezedwe. Anandiuza kuti ndisangalale. Ndinakhala pa benchi panja pa chipatalacho mpaka wolondera anabwera kudzandifunsa ngati ndikudikira munthu.

Sindinabwerere ku Chama, ndinakwera basi ya ku Katete. M'njira monse ndinkakonza za sukulu imene mukalowe, ndi chipinda chimene ndikakupakireni laimu. A Gidiyoni ndinawapeza akusenda nsungwi pakhonde. Ndinawafotokozera zonse, kuti ndayezetsa kawiri, kuti sindikufa, kuti chifukwa chimene anakutengerani chatha. Anamvetsera mpaka ndinamaliza, anaika mpeni pansi, n'kundiyang'ana ndi maso achisoni.

"Alamu, ine ndinali nditayamba kukukhululukirani, ndimati ndi matenda, matenda sasankha. Tsopano ngati mulibe matendawo, ndiye kuti inali mphete ija."

Ndinabwerera ku Chama ndekha, ndipo munakulira kwa amalume anu mpaka kukwatiwa. Chimene chinapha amayi anu sindikuchidziwa mpaka lero, ndipo mwina ndinawanenera matenda amene analibe, pamaso pa abale awo, atagona m'manda tsiku limodzi lokha. Ndimadzifunsanso kuti ndikanakhala chete tsiku lija, magazi anga sakanakuchitani kanthu, ndipo ndikanakulerani ndekha. Koma zimenezo ndikuzidziwa lero, tsiku lijalo sindinkazidziwa, ndipo mutandibweza kuseri kwa nyumba kuja ndingakulandenso iwe Taonga m'manja mwa azakhali ako. Mphini zanga zikadalipo pachifuwa, zimayabwa nyengo yozizira. Mukamaliza kuwerenga gawo ili, pindani malaya muyang'ane mikono yanu, palibe mphini. Pa ubwana wanu wonse, chimene bambo wanu anakwanitsa kukuchitirani ndi chokhacho.